Kamba, chiwaya ndi botolo: kudya ndi kumwa pa ulendo wa kunyanja

Achinyamata anzanga, mwezi wa Okutobala ukamayandikira, nkhani m'makalabu ambiri imakhala imodzi basi: ulendo wa kunyanja. Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, likayandikana ndi Loweruka ndi Lamulungu, magombe a ku Senga Bay ku Salima, ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay amadzaza anthu moti poyala chitenje pamasowa. Ena mwa ife timakhala tasonkherana miyezi itatu, ena tagulitsa tomato wa m'dimba la kalabu, kuti nafenso tikaione nyanja yomwe timangoimva kwa anzathu.

Ine monga mlangizi wa achinyamata ndaperekezapo makalabu pa maulendo otere. Chomwe ndimaona pa misonkhano yokonzekera n'chakuti za galimoto ndi malo ogona timakambirana mpaka dzuwa kupendeka, koma wina akafunsa za chakudya yankho limakhala lakuti, "Aaa, zimenezo tikaona konko." Chonsecho mavuto ambiri amene amaononga ulendo amalowera pakamwa: kutsegula m'mimba, ndalama kutha Loweruka masana, kuledzera, ngakhalenso mnzathu kukopedwa ndi mbale ya tchipisi. Nkhani ya chakudya ndi chakumwa iyenera kutha tisanakwere galimoto. Nditenga chitsanzo cha ulendo wa ku Senga Bay, koma mfundozi zigwira ntchito kwina kulikonse komwe mungapite.

Werengani mbale musananyamuke

Tiyambe ndi masamu. Ngati mukunyamuka Lachisanu masana n'kubwerera Lamulungu madzulo, munthu aliyense adya kasanu ndi kamodzi: mgonero wa Lachisanu, katatu Loweruka, kawiri Lamulungu. Mukakhala anthu 20, ndiye kuti mbale ndi 120. Kalabu imene sinawerenge chonchi ndi imene imadya chambo Lachisanu usiku, pofika Lamulungu onse akutafuna nzimbe.

Msungichuma agawe ndalama patatu. Gawo loyamba ndi la galimoto, popita ndi pobwera pomwe, ndipo lisakhudzidwe zivute zitani. Gawo lachiwiri ndi la chakudya cha gulu lonse. Lachitatu ndi la zadzidzidzi, monga kuthamangira ndi munthu kuchipatala. Ndalama zina mutha kuzisunga pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuopa kutaya, koma anthu awiri a m'komiti adziwe kuti zilipo zingati. Mitengo masiku ano ikusintha pafupipafupi, choncho funsani kwa munthu amene wapitako posachedwa, osati amene anapita chaka chatha.

Zinthu za pagombe zimadula kuposa za kumsika wa pa Kamuzu Road ku Salima, ndipo za kumsikako zimadula kuposa za m'nkhokwe mwathu. Tengani kunyumba ufa, nyemba, mchere, anyezi, tomato, mafuta ophikira, shuga, masamba a tiyi, mapoto ndi mbaula. Konko mukangogule nsomba ndi zina zochepa. Funsaninso mamembala zomwe sadya. Anzathu achisilamu sadya nkhumba, a Seventh Day sadya nkhumba ndi mlamba, ndipo ena zakudya zina zimawatulutsa zidzolo. Izi zidziwike msanga kuti wina asakagone ndi njala pochita manyazi kunena.

Mfundo imene ndimaumirira ndi ya mphika umodzi. Wasonkha zambiri ndi wasonkha zochepa adyere pamodzi, pa nthawi imodzi. Mukalola kuti aliyense azikadzionera yekha, amene ali ndi ndalama adzalowa m'lesitilanti, amene alibe adzakhala pansi pa mtengo n'kumanamizira kuti sakumva njala. Ameneyo ndiye amene anthu a zolinga zoipa amayamba kumuona.

Kamba wabwino ndi uti?

Makolo athu sankanyamuka opanda kamba, ndipo ankadziwa kusankha: chimanga chokazinga, mtedza, mbatata yootcha, chinangwa, chigumu. Zonsezi n'zouma kapena zili m'khungu lake, motero sizionongeka msanga. Onjezeranipo nthochi, malalanje ndi mazira owiritsa osasenda.

Chimene chimavuta ndi mpunga wa nyama kapena wa nkhuku wophika dzulo, wotsekera m'kontena. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri chisanadyedwe kapena kuikidwa m'firiji. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kukafika ku Senga Bay mumaonjezera ena pafupifupi 20. Koma ife a kumudzi timadziwa kuti ulendo umayamba ndi kudikira lole, kudikira ochedwa, kuima pa marodibuloko. Pofika kunyanja kontena lija lakhala pa dzuwa la Okutobala theka la tsiku. Tizirombo toyambitsa matenda timaswana kwambiri m'chakudya chofunda, ndipo nthawi zina chakudyacho sichinunkha n'komwe. Mpunga uli ndi vuto lakelake: tizirombo tina timapulumuka pophika, n'kusiya poizoni amene satha ngakhale mutenthetsenso. Ngati mwatenga zophika, idyani m'mawa womwewo.

Thobwa nalo lili ndi khalidwe lake. M'chigubu chotseka, pamalo otentha, limapitiriza kuwira. Lachisanu ndi lotsekemera, Lamulungu layamba kuwawasa ndi kuluma, ulendo wopita ku mowa wayambika. Limwereni tsiku loyamba.

Pa chiwaya ndi m'lesitilanti

Kudya kunja ndi mbali ya chisangalalo cha ulendo, ndipo sindikuuzani kuti musalawe tchipisi kapena kanyenya. Ogulitsa ambiri ndi anthu aukhondo amene akusaka ya sopo ngati ife tomwe. Chofunika ndi kudziwa kuyang'ana.

Moto ndiye mnzathu. Tchipisi chimene chikuchoka m'mafuta mukuona, chimanga chochoka pa makala, nsima yotentha m'manja, nyama yopsa mpaka m'kati, izi sizidwalitsa kawirikawiri chifukwa kutentha kumapha tizirombo. Zokayikitsa ndi zimene zazizira: nyama yomwe yakhala m'mphepete mwa chiwaya kuyambira m'mawa ntchentche zikuterapo, mang'ina a dzulo, ndiponso saladi wa kabichi ndi tomato amene amathira pamwamba pa tchipisi. Saladiyu saona moto, ndipo simudziwa kuti anatsukidwa ndi madzi otani. Palibe cholakwa kunena kuti, "Achimwene, mundibwezere kaye m'mafutamo, ndipo saladi musathire."

Musanakhale pansi, ponyani maso. Kodi mbale akutsukira m'madzi otani? Kodi dzanja lomwe likulandira ndalama ndi lomwelo likugwira chakudya? Kodi chakudya n'chovundikira? Malo amene pali anthu ambiri a m'deralo nthawi zambiri ndi abwino, chifukwa chakudya sichikhalitsa ndipo mtengo wake ndi weniweni.

Funsani mtengo musanasambe m'manja. Safunsa anadya phula. M'lesitilanti funsani kuti mbale ndi zingati, ndipo ngati ndi nsomba, mtengowo ndi wa yathunthu kapena wa chidutswa. Pagombe pamakhala anyamata amene amadzipereka kukuotcherani nsomba. Gwirizanani zonse poyamba: nsomba zingati, nsima ndi masamba zilipo kapena ayi, ndipo ndalama yonse muperekere chakudya chitafika.

Ngati mukuphika nokha, lawirirani m'mawa asodzi akamakocheza. Usipa amaupha usiku ndi nyali, ndipo m'mawa ndi pomwe umapezeka wauwisi pa mtengo wabwino. Kwa gulu lalikulu, usipa kapena utaka umakwanira bwino kuposa chambo ndi kampango. Nsomba yabwino imakhala ndi maso owala, mnofu wolimba woti ukadina chala umabwerera, ndipo m'mbali mwa mutu momwe imapumira mumakhala mofiira. Ikakhala yotuwa m'menemo, mimba yafewa, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo.

Madzi ndi m'manja

Ambiri tikukumbukira mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa Malichi 2022 ku Machinga n'kufalikira m'maboma onse a dziko lino. Pofika mu 2023 anthu opitirira 58,000 anali atadwala, ndipo oposa 1,700 anamwalira. Maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Mliriwu unatiphunzitsanso kuti kolera si wa dzinja lokha, chifukwa unapitirira ngakhale m'chilimwe.

Kolera, taifodi ndi matenda ena otsegula m'mimba amayenda njira imodzi: kuchoka m'chimbudzi cha wodwala, kudzera m'madzi, m'manja kapena ntchentche, kukafika m'kamwa mwa wina. Madzi a m'nyanja amaoneka oyera mbee, koma m'mphepete momwemo anthu amasamba, kuchapa ndi kutsuka mbale, ndipo pa tsiku la chikhamu zimbudzi sizikwanira. Musamwe madzi amenewa osawiritsa kapena osathira mankhwala, ndipo musatsukire zipatso.

Kalabu itenge zigubu ziwiri zotsuka bwino za malita 20. Tungani pa mjigo kapena pa mpopi, thiranimo kolorini monga mwa malangizo, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu angakuthandizeni kupeza kolorini ndi kukuonetsani muyeso wake musananyamuke. Ngati palibe, wiritsani madzi mpaka abwadamuke. Samalani ndi madzi omanga m'timapepala, mafilizesi ndi ayisi, chifukwa kuzizira sikupha tizirombo. Ndipo ku Salima kumatentha zedi. Imwani madzi pafupipafupi, musadikire kuti mutu uyambe kuwawa.

Tsono za m'manja. Chizolowezi chathu chosamba tonse m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, chimapangitsa kuti womaliza asambe litsiro la anthu onse. Thiriranani madzi ndi kapu kapena jagi, ndipo sopo akhalepo. Sopo mmodzi amakwanira ulendo wonse ndipo mtengo wake sufika pa mbale imodzi ya tchipisi.

Mbale imodzi, kapu imodzi

Funso limene limabwera pafupifupi pa kalabu iliyonse ndi ili: kodi ndingadyere mbale imodzi kapena kumwera botolo limodzi ndi mnzanga amene ali ndi kachirombo ka HIV? Yankho ndi lakuti inde, mosakayika konse. Kachiromboka kamafala kudzera m'magazi, umuna, ukazi ndi mkaka wa m'mawere. Sikafala kudzera m'malovu, m'thukuta, pa supuni, pa kapu, kapena m'chakudya chimene munthu waphika. Mnzathu amene ali ndi kachiromboka angathe kutiphikira nsima tonse, ndipo tinyeme pamodzi popanda nkhawa. Chimene chingatidwalitse pa mbale ija ndi manja osasamba, a wina aliyense wa ife.

Kafukufuku wa m'dziko muno wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi kachiromboka. Ndiye kuti m'makalabu mwathu muli anzathu amene akumwa ma ARV, ena chibadwire, ndipo sakakamizidwa kutiuza. Tiwathandize popanda kuwafunsa. Chakudya chizidyedwa pa nthawi yake, madzi abwino azipezeka, ndipo pasakhale mchitidwe wopisa m'zikwama za anzathu kapena kufunsa kuti, "Mapilitsi amenewo ndi a chiyani?" Izi zimathandizanso amene amamwa mankhwala a khunyu kapena a shuga.

Kwa inu amene mukumwa ma ARV, mawu anga ndi awa. Boma linayamba kupereka mankhwalawa mwaulere mu 2004, ndipo kuyambira mu 2019 ambiri akumwa piritsi limodzi patsiku lokhala ndi mankhwala a dolutegravir, limene lingamwedwe mutadya kapena musanadye. Choncho kuchedwa kwa nsima chisakhale chifukwa chodumphitsira. Tengani mapilitsi a masiku onse a ulendo ndi ena a masiku awiri kapena atatu apadera, chifukwa lole imatha kuonongeka. Asungeni pouma, posafika dzuwa, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo tcherani alamu pa foni. Ena amakhulupirira kuti ukamwa mowa usamwe ma ARV tsiku limenelo. Limeneli ndi bodza loopsa. Imwani mankhwala anu tsiku lililonse. Vuto lalikulu la mowa ndi lakuti umaiwalitsa. Munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika mpaka kachirombo kosaonekanso poyeza magazi amakhala wathanzi ndipo sapatsira mnzake pogonana. Musalole masiku awiri a kunyanja asokoneze zimenezi.

Tiwerenge mphamvu ya mowa

Malamulo a makalabu ambiri amaletsa mowa pa zochitika za kalabu, ndipo malamulo a dziko saloleza kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Ine ndimagwirizana nazo. Komabe tisanamizane: pagombe mowa umakhala paliponse, ndipo ena mwa ife opitirira zaka 18 amamwa. Ndi bwino tonse tidziwe mmene umagwirira ntchito, omwa ndi osamwa omwe, chifukwa osamwa ndiwo amanyamula oledzera.

Mphamvu ya mowa imalembedwa pa botolo m'maperesenti. Botolo la mowa wamba la mamililita 330 lolembedwa 5 peresenti lili ndi mamililita 16 ndi theka a chinthu choledzeretsacho. Kabotolo ka mowa waukali ka mamililita 200 kolembedwa 40 peresenti kali ndi mamililita 80. Ndiye kuti kabotolo kamodzi kamene kamabisika m'thumba la buluku, kamene ena amati midoli, n'chimodzimodzi mabotolo pafupifupi asanu. Mnyamata akamati, "Ine ndangomwa kamodzi kokha, aise," akunena zoona, koma thupi lake lalandira asanu. Akasakaniza ndi Fanta kapena Sobo, kuwawa kumabisika ndipo amamwa mofulumira. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 chifukwa unkaononga achinyamata ndi ana a sukulu, koma mphamvu yomwe ija inasamukira m'timabotolo.

Mowa wamasese, kaya Chibuku kapena wofulula kumudzi, umapitiriza kuwira, choncho wa lero ndi wa mawa mphamvu zake n'zosiyana. Kachasu ndiye alibe chizindikiro chilichonse, ndipo amene akugulitsayo naye sangakuuzeni mphamvu yake. Choopsa kwambiri ndi mowa wosadziwika kochokera, umene ena amasakaniza ndi mankhwala a m'mafakitale. Umenewu umachititsa khungu ndi kupha. Mu 2024 ku Blantyre anthu angapo anamwalira atamwa mowa wotere, umene anthu anaupatsa dzina loti "Ambuye n'tengeni".

Chiwindi chimagwira ntchito pa liwiro lake. Chimatenga ola limodzi ndi kupitirira kuti chichotse botolo limodzi la mowa wamba, ndiye kabotolo kaja kamafuna maola asanu ndi limodzi kapena kuposa. Tiyi wakuda, kusanza dala, kapena kudumphira m'madzi ozizira sikufulumizitsa chiwindi. Dalaivala amene amamwa mpaka pakati pa usiku amadzuka mowa udakali m'magazi. Pogwirizana naye mtengo, nenaninso poyera kuti samwa mpaka atakubwezani kwanu. Ndipo woledzera asalowe m'nyanja kapena m'bwato. Mowa umamunamiza munthu kuti amatha kusambira pomwe miyendo yafooka.

M'mimba mopanda kanthu mowa umalowa m'magazi msanga. Pa dzuwa umaumitsa thupi chifukwa umakodzetsa. Atsikana amaledzera msanga kuposa anyamata pa mlingo womwewo, chifukwa cha kapangidwe ka thupi. Amene akumwa mankhwala a Flagyl asayerekeze n'komwe kulawa mowa. Ndipo chimene mowa umayamba kugonetsa si miyendo, ndi mbali ya ubongo imene imati "ayi". Wodziletsa amaiwala lonjezo lake, wa kondomu amaiwala kuvala kapena kuvala molakwika. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

"Ndikugulire chiyani, chemwali?"

Apa ndi pamene nkhani ya chakudya imakumana ndi nkhani ya moyo. Pagombe pamabwera anthu a magalimoto ndi ndalama, ena abwino, ena osaka. Osakawo amadziwa kuti pofika Loweruka madzulo achinyamata ochokera kumudzi ndalama zawathera. Sayamba ndi kufunsira. Amayamba ndi nkhuku yootcha, kenako chakumwa chozizira, kenako china chotsekemera chomwe uchimva ngati juwisi koma chili ndi mowa, kenako "tiye tikaone malo ena abwino kutsogoloku". Pofika pamenepo mtsikana amaona ngati ali ndi ngongole, anzake sakuoneka, njira yobwerera sakuidziwa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Atsikana a msinkhu wathu amatenga kachirombo ka HIV kwambiri kuposa anyamata a zaka zomwezo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi zibwenzi ndi zidyamakanda zotere.

Ndinene momveka: chakudya si ngongole yobweza ndi thupi. Munthu akakugulira chinthu mwa kufuna kwake, "zikomo" ndi malipiro okwanira. Anyamata a m'kalabu, mawu amenewa ndi anunso. Kumugulira mtsikana Fanta sikukupatsani ufulu uliwonse pa iye, ndipo kugona ndi munthu amene waledzera moti sakudziwa chomwe chikuchitika ndi kugwiririra. Nanunso anyamata mumakopedwa ndi mowa waulere, ndipo mathero ake amakhala omwewo.

Koma kukana kumaphweka m'mimba mukakhala mokhuta. N'chifukwa chake ndinayamba ndi mphika umodzi. Kuonjezera apo, gwirizanani izi musananyamuke. Yendani atatuatatu, ndipo amene mwapita naye mubwere naye. Chakumwa chilichonse chitsegulidwe inu mukuona, ndipo mukachisiya n'kuchokapo musachimwenso. Aliyense akhale ndi kandalama kake kobisa kokwana kabaza ndi mayunitsi. Ikani nthawi yowerengana madzulo, ndipo patironi ndi matironi akhale anthu osamwa. M'bokosi la mankhwala a gulu muikemo makondomu, posafika dzuwa, pomwe wina angatenge popanda kupempha. Kukhalapo kwake sikukakamiza wodziletsa kusintha maganizo, koma kusowa kwake kungaononge moyo wa wina.

Zikavuta tichite chiyani?

Wina akayamba kutsegula m'mimba, chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Mpatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo: paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino, azimwa pang'onopang'ono ngakhale akusanza. Tengani mapaketi angapo pochoka kunyumba. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi. Chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, kapena chamagazi, kapena munthu akufooka, thamangirani naye kuchipatala akumwabe ORS panjira. Kolera angathe kupha m'maola ochepa. Ku Salima kuli chipatala chachikulu cha boma, ndipo mukangofika kumalo kwanu funsani eni dera komwe kuli chipatala chaching'ono chapafupi.

Mnzathu akaledzera mpaka kugona osadzuka, musamuthire madzi, musamumwetse kanthu, ndipo musamusiye yekha kuti "agone zimuthere". Mgonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, wina akhale pambali pake. Ngati sakuyankha mukamugwedeza, akupuma modukizadukiza, kapena akudandaula kuti sakuona bwino, ameneyo ndi wa kuchipatala msanga.

Ngati wina wagonana mosadziteteza, kondomu yaphulika, kapena wagwiriridwa, pali mankhwala otchedwa PEP amene amateteza ku HIV. Ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndipo kuyamba msanga ndiye kwabwino. Amamwedwa masiku 28, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Zikachitika Loweruka usiku, musadikire kuti mukafike kaye kumudzi. Komweko funsaninso za mapilitsi oteteza mimba pangozi. Wogwiriridwa aperekezedwe ndi munthu amene amamukhulupirira, ndipo nkhaniyo ikafike ku ofesi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Mnzathu wotere sitimufunsa kuti "unamweranji" kapena "unapitiranji". Timamugwira dzanja, ndipo nkhani yake siyenda m'mudzi.

Achinyamata anzanga, nyanja ndi yathu, ndipo kudya usipa wauwisi ndi nsima yotentha mutakhala pa mchenga ndi anzanu ndi chinthu choti aliyense alaweko. Mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi ngati kalabu, werengani mbale, gawani ntchito, ndipo mubwereko onse monga munapitira.

Zokambirana pa kalabu yanu

1. Pa ulendo wathu womaliza, ndani anagona ndi njala, ndipo tinadziwa bwanji? Tingatani kuti zisachitikenso?

2. Kodi malamulo a kalabu yathu akuti chiyani pa za mowa? Nanga membala akaswa lamulolo tili kutali ndi kwathu, timuthandiza bwanji usiku umenewo?

3. Chitani sewero: mlendo akuumirira kugulira mtsikana wa m'kalabu chakumwa. Iye ayankhe bwanji, ndipo anzake awiri achite chiyani?

4. Tingatani kuti mnzathu amene akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku amasuke pa ulendo popanda kukakamizidwa kuulula?

Mukakambirana, tilembereni zomwe mwagwirizana kuti makalabu ena aphunzirepo.